Injini ya a Chirambo Ikukokabe

Mwezi uno chatha chaka chimwalirireni apongozi anga aamuna, a Chirambo a ku Mhuju, koma injini ya sitima yomwe ankayendetsa ali mnyamata ikukokabe mabogi kummwera uko. Ndikaganiza zimenezi mtima umandipweteka, ndipo nthawi zina ndimakwiya, ngakhale sindidziwa kuti ndikukwiyira ndani.

Ku Rumphi kulibe njanji. Anthu ambiri kuno anabadwa mpaka kumera imvi osaionapo sitima ya pamtunda, moti a Chirambo akayamba nkhani zawo ena ankatsinzinirana diso kuti mdala uyu amawonjezera mchere. Iwo anachoka kumudzi atangomaliza sukulu ya mishoni ku Nchenachena, n'kukapezeka ku Limbe akupukuta injini za malasha. Zitabwera za dizilo anali m'gulu la anyamata omwe anaphunzitsidwa kuziyendetsa, ndipo anakalambira pomwepo. Matipati atabwera, njanji inapatsidwa eni ake ena, madala onse n'kuuzidwa kuti akapume. Anabwerera kwawo ndi bokosi lachitsulo, chipewa chothimbirira ndi girisi, ndi nkhani zosowa womvetsera.

Ine ndinafika pamudzipo ngati mkamwana wa ku Ntcheu, nditakwatiwa ndi mwana wawo womaliza, Yotamu, yemwe ankaphunzitsa pa pulayimale. Mlongo wawo wa a Chirambo, yemwe tonse timamutcha ankhazi, anandikhazika pansi tsiku lomwelo n'kundilangiza mwambo wa kuno: apongozi aamuna suwayang'ana m'maso, suwayandikira, madzi umawagwadira uli chapatali, ndipo ukakhala ndi mawu umadzera mwa wina. Ndinavomera zonse. Kutacha ndinapita ndi madzi osamba, ndinagwada kutali monga anandiuzira, n'kumva mawu aakulu akuchokera pakhonde.

"Nyaphiri, ku Ntcheu kwanuko ndi mbali iti?"

Ndinayang'ana kumbuyo kuti mwina pali wondiyankhira. Panalibe. Ndinati chapansipansi, "Ku Bilila, adada."

"Ku Bilila! Pafupi ndi siteshoni?"

"Kuseri kwake kwenikweni."

"Ndiye amene ankakudzutsani mamawa ndi huta uja ndinali ine. Pepani chomene. Senderani kuno tikambe bwino."

Mwambo unathera pamenepo. Ankhazi anadandaula mpaka mawu anasasa, ati a Chirambo, adumbu awowo, akuwononga mudzi ndi makhalidwe a ku Limbe. A Chirambo anawayankha kuti m'chigwa chonse cha Henga Mulungu wawatumizira munthu mmodzi yekha wodziwa fungo la sitima, ndiye akufuna azicheza ndi mbuzi? Awiriwa anakangana za ine mpaka ndinabereka ana atatu, ndipo ndikukhulupirira kuti onse ankasangalala nako kukanganako.

Anali munthu wovuta, ndisaname. Khutu lawo silinkapuma. Chigayo cha ku msika chikangolira, iwo ali kumunda wa khofi ankaimika khasu, kupendeketsa mutu, kenako n'kuyamba ulendo wokauza mwini wake kuti injini ikulira ludzu la oilo. Mwini chigayoyo, mnyamata wonenepa wa ku Karonga, ankati akawaona akutulukira pa mtengo wa mango ankabisala kuseri kwa matumba a gaga. Madalaivala a minibasi nawonso ankawadziwa. Ankakwera, kukhala kutsogolo, ndipo asanafike pa Njakwa amakhala atamuuza kale dalaivala kuti akupha galimoto ndi phazi lake. M'thumba la kumbuyo munkakhala kansanza, ndipo ankapukuta nako manja asanagwire chilichonse, ngakhale Baibulo.

Masana sankagona, ngakhale malungo awagwire. Ankati ku shedi, kosungira masitima, injini yakale saizimitsa, amaisiya ikulira pang'onopang'ono podikira ulendo wina, chifukwa ukaizimitsa ikazizira sudziwa ngati idzadzukenso. Ndiye ankangoyendayenda, kukonza chitseko chosawonongeka, kusuntha nkhuni kuchoka apa kupita apo. Tikawapempha kuti apume ankatifunsa ngati tatopa nawo.

Injini yawoyo ankaikamba ngati mkazi woyamba. Ankati inabwera iwo asanakwatire, ndipo inali yaulesi podzuka, yautsi wakuda, yotaya oilo ngati mwana wa chimfine, koma ikagwira njanji inkakwera mapiri a ku Limbe itasenza fodya ndi simenti osabwerera m'mbuyo. Chomwe ankanyadira kwambiri chinali chakuti panabwera injini zina zatsopano, zonyezimira, zomwe mabwana ankajambulitsa nazo zithunzi, koma sizinakhalitse. Zikafera panjira, wotumidwa kukazikoka anali iwo ndi nkhalamba yawo ija. Pofotokoza zimenezi ankaseka mpaka kutsokomola, n'kumenya ndodo pansi.

Nkhani imeneyi anasiya kuiseka pang'onopang'ono, ndipo ine ndinaona mmene kusekako kunkathera. Anali ndi ana asanu. M'zaka zija matenda a Edzi ankalowa nyumba iliyonse mankhwala asanafike, anayi anabwera kumudzi mmodzimmodzi, wina kuchokera ku Blantyre, wina ku Lilongwe, atsikana awiri kuchokera ku Mzuzu. Ankafika atakhala kumbuyo kwa galimoto atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo, ndipo a Chirambo ankawanyamula okha kuwalowetsa m'nyumba. Onse anayi anawaika kumanda a banja kuseri kwa nthochi. Mayi awo a anawo, a Nyagondwe, sanapirire. Anatsatira mwana wachinayi mvula isanagwe. Panatsala Yotamu yekha, ndi adzukulu odzaza bwalo.

Kuyambira pamenepo a Chirambo anali ndi pempho limodzi, ndipo sankalibisa. Ankalinena kutchalitchi, kumsika, ngakhale kwa alendo ongopempha madzi akumwa: iwo aika ana anayi, tsono akufuna kuti iwowo adzaikidwe ndi mwana wawo. Sankapempha bokosi labwino kapena kwaya. Ankangofuna kuti tsiku limenelo Yotamu adzaime kumutu kwa dzenje n'kuponya dothi loyamba, monga zimayenera kukhalira. Popemphera pa chakudya ankathokoza mwachidule, kenako n'kumukumbutsa Mulungu kuti pa mzere wotsatira ndi iwo, asalumphenso.

Anayambanso khalidwe lina. Ankati kale sitima ikaima pa siteshoni, munthu umatsika n'kuyenda m'mbali mwa mabogi ukukhudza timabokosi ta pa mawilo ndi kuseri kwa dzanja, chifukwa komwe kwatentha n'komwe kudzakugwetsere sitima kutsogolo. Tsono m'mawa uliwonse ankayenda pabwalo akukhudza pamphumi pa aliyense, kuyambira khanda mpaka ine mkamwana, ankhazi akuyang'ana kumbali chifukwa cha manyazi. Yotamu, bambo wa ndevu zake, mphunzitsi wopatsidwa ulemu, ankayenera kuwerama atanyamula mabuku kuti bambo ake amugwire chipumi asanapite kusukulu.

Dzanja limenelo ndi lomwe linapeza kutentha pa Yotamu. Anali atayamba kuwonda ndi kutsokomola, koma ankati ndi fumbi la choko. Nthawiyo mankhwala otalikitsa moyo anali atayamba kuperekedwa kuchipatala cha ku boma, koma kukaima pa mzere woyezetsa magazi kunali ngati kudzivula pamsika, makamaka kwa munthu wotsogolera kwaya ngati iye. Anakana. Anakangana ndi bambo ake mpaka mbale zinasweka, ndipo kwa nthawi ndithu ankangodutsana pabwalo osapatsana moni. Ine ndinali pakati, mtima uli m'mwamba, chifukwa ndinkadziwa kuti galu wamkota sakandira pachabe.

Tsiku lina m'mawa a Chirambo anavala jekete la kutchalitchi ndi chipewa chawo chija, n'kuima pakhomo pathu.

"Iwe Yotamu, ndiperekeze ku Rumphi. Ndikudwala."

"Mukudwala chiyani, adada?"

"Ukamva komweko. Nyaphiri, nanunso tiyeni, mukandigwire ndikamagwa."

Titafika kuchipatala sanapite kolembetsa odwala. Analunjika ku kachipinda koyezera magazi kaja, komwe anthu ankakhala pa benchi atazolika ngati akuba ogwidwa. Anakhala pakati penipeni, kuvula chipewa, n'kupereka moni kwa aliyense mokweza. Kenako anauza namwino, mawu omveka mpaka ku geti, kuti iwo ndi Chirambo wa ku Mhuju, anayenda kwambiri pa unyamata wawo, Salima, Balaka, Luchenza, siteshoni iliyonse inali ndi nkhani zake, ndipo abwera kudzayezetsa. Awiriwa angowaperekeza, koma poti afika kale awayezenso, asawononge ulendo.

Benchi yonse inaphulika ndi phwete. Anthu onse ankayang'ana nkhalamba yopanda manyazi ija, ndipo palibe anaona mphunzitsi akulowa pambuyo pake. Iwo anapezeka alibe kanthu. Ine ndi Yotamu tinayamba mankhwala mwezi womwewo. Pobwerera m'minibasi a Chirambo sanamudzudzule dalaivala, anangogwira bondo la mwana wawo mpaka tinatsika pa Mhuju.

Yotamu ananenepanso, n'kubwerera ku kwaya. Adzukulu anakula, ena n'kupita m'matauni. A Chirambo anakalamba mochititsa kaso, mano onse ali m'kamwa, maso akuwerenga opanda magalasi. Anthu ankawayamikira kuti Mulungu wawadalitsa ndi moyo wautali, iwo n'kumangoti yewo, nkhope itagwa. Ndinazindikira mochedwa kuti thanzi lawolo linkawaopsa.

Ndinazimvetsa bwino pa Khirisimasi ina, atabwera Wongani, mdzukulu wawo wamkulu, yemwe mayi ake ndi mmodzi mwa ogona kuseri kwa nthochi kuja. Wongani amagwira ntchito ku Blantyre, ndipo anabwera ndi mphatso yomwe ankaisunga ngati dzira: anali atajambula pa foni injini yakale ikutuluka mu Limbe ndi mabogi a katundu. Tinasonkhana pakhonde tonse, ankhazi omwe. Asanaonetse n'chithunzi chomwe, phokoso lokha litangoyamba, a Chirambo anatukula mutu.

"Ndi iyeyo. Akutsokomola chimodzimodzi."

Wongani anawapatsa foniyo m'manja. Injiniyo inali itapakidwa utoto wina, koma utsi unali womwewo, wakuda bii, ndipo inkayenda mwaulemu ngati gogo wopita ku mgonero. Tonse tinkadikira kuti aseke, amenye ndodo pansi, ayambe nkhani ya mapiri ija. Anayang'ana mpaka kanemayo anatha, n'kubweza foniyo atatembenuza nkhope yake pansi.

"Agogo, simunakondwe? Anthu akuigomera kuti ndi yolimba. Yaposa zaka makumi asanu ikugwirabe ntchito."

"Yolimba, inde. Koma iwe Wongani, ukaona nkhalamba ngati imeneyi ikukokabe katundu, usaombe m'manja. Funsa kuti zomwe zinayenera kuilandira ntchito zili kuti."

Iwo anatulutsa kansanza kaja n'kuyamba kupukuta manja omwe analibe litsiro.

"Zonse inazikoka yokha kupita nazo ku shedi. Ine ndinalipo. Ndinkaseka, poti ndinali chitsiru."

Anadzuka n'kupita kumunda wa khofi, pa tsiku la Khirisimasi, mpunga ndi nkhuku zili pa mphasa. Wongani analira ngati mwana, akuti akanadziwa sakanabweretsa. Ine ndinaimirira pakona pa nyumba n'kumawaona ali pakati pa mitengo ya khofi, osagwira ntchito iliyonse, atangoima.

Chaka chatha nthawi yozizira Yotamu anadwala chibayo choopsa. Ku Rumphi anatitumiza ku chipatala chachikulu ku Mzuzu, ine n'kupita monga womudikirira. A Chirambo anatiperekeza mpaka pokwerera minibasi, ngakhale miyendo inali itayamba kuwakana. Yotamu atakhala pampando, iwo analowetsa dzanja pawindo n'kumugwira pamphumi nthawi yaitali, kondakitala akuwadikira.

"Ukabwere. Uli ndi ntchito kuno, ukuidziwa."

"Ndikuidziwa, adada. Musafulumire."

"Ine sindinafikepo pa siteshoni nthawi isanakwane."

Masiku oyamba ku Mzuzu anali oipa, ndipo ndinkaimbira foni ankhazi ndikulira. Koma mankhwala anagwira. Yotamu anachotsedwa pa mpweya, anayamba kudya, kenako kumayenda yekha mpaka panja kukaothera dzuwa, akuphunzitsa odwala anzake nyimbo za kwaya. Ndinawauza ankhazi zonsezi. Ndikapempha kuti ndilankhule ndi adada, ankati apita kutchalitchi, kapena ali kumunda, kapena foni yatsala pang'ono kuzima. Sindinakayike kanthu, chifukwa a Chirambo ankadana ndi foni kuyambira kale, ati munthu sungamve bwino ngati mnzako akunama.

Atatitulutsa tinagula buledi ndi shuga wa adada n'kukwera minibasi. Titatsika pa Mhuju, amayi ogulitsa tomato omwe amatilonjera ndi phokoso anangoti monire chapansipansi, maso ali pa tomato wawo. Panjira yolowera kwathu ndinaona nthambi zomwe amaika pamsewu pakakhala maliro, zitakankhidwira m'mbali, masamba atauma kale. Pabwalo panali phulusa la moto waukulu ndi mabenchi a kutchalitchi omwe anali asanabwezedwe. Yotamu anaima, jumbo ya buledi ili m'manja.

Ankhazi anatuluka m'nyumba atamanga mpango wakuda, n'kukhala pansi pa dothi patsogolo pake. Anafotokoza kuti adada anagwa masana akuchokera kumunda, ndipo pomwe anthu ankawanyamula n'kuti atapita kale. Abale ndi akuluakulu a mpingo anakhala pansi n'kugwirizana zomwe anthu kuno amachita nthawi zonse: munthu wodwala kwambiri sauzidwa za maliro, kuopa kuti mtima ungaduke. Anawaika mwakachetechete, ndipo dothi loyamba anaponya ndi mwana wa msuweni wawo wa ku Bolero.

"Ankhazi, ine ndinali ndikuyenda. Nyaphiri anakuuzani kuti ndikuyenda. Mzuzu ndi pafupi pompa, bwenzi nditabwera m'mawa n'kubwerera madzulo."

"Yayi, mwana wanga. Ine ndasambitsa abale ako anayi ndi manja awa. Ukanamva n'kugwa panjira, bwenzi ndikuika awiri. Adumbu anga ankafuna kuti iwe utsale, ndipo watsala."

"Ankafuna ndiwaike, ankhazi. Munkamva nokha tsiku lililonse."

Ankhazi anangofunda nkhope ndi chitenje. Sindinathe kuwada, ndipo mpaka lero sindingathe, chifukwa anachita zimenezi ndi chikondi chomwecho chomwe chinatipititsa ku Rumphi tsiku lija. Koma ndikunena mosabisa kuti analakwitsa, iwo ndi onse omwe anakhala pa bwalo limenelo. Munthu anadikira zaka zonsezi, anapirira ukalamba womwe sankaufuna, anafika pa mzere nthawi yake, mwana wake ali moyo ndipo akuyenda ndi miyendo yake, koma anaikidwa ngati munthu wopanda mwana.

Yotamu anapita yekha kuseri kwa nthochi. Ndinamutsatira chapatali. Nkhata za maluwa zinali zitafota, ndipo dothi la pamtumbira linali litayamba kulimba. Anagwada kumutu, anakanda pansi ndi zala mpaka anapeza dothi lodzaza dzanja, n'kulithira pamwamba pang'onopang'ono. Ndinamumva akuti, "Ndabwera, adada."

Nyumba yawo tinaisiya mmene inalili, kungotseka mawindo. Pakhonde, pomwe ankakhala akamamwa tiyi, mpando tinauchotsa chifukwa chiswe chinayamba kuudya, koma pansi panatsala timaenje tiwiri tomwe zidendene zawo zinakumba, poti ngakhale atakhala miyendo yawo sinkaleka kugwedezeka. Mvula itatha ndinatenga dothi ndi madzi kuti ndizire khondelo. Ndinayambira kuchitseko, ndipo nditayandikira pamalopo ndinamva Yotamu ali kumbuyo kwanga, atanyamula mabuku a kusukulu.

"Apo pokha usazire."

Ndinazira mozungulira. Timaenjeto tilipobe, ndipo mphepo ikawomba mumagwera masamba a mango. M'mawa uliwonse Yotamu akamapita kuntchito amadzera pamenepo, ngakhale si njira yake, amaima pang'ono n'kuweramitsa mutu, kenako amapitiriza ulendo.